Tifunseni: Kodi m'botolo la vinyo woyera wa ku Cape muli chiyani?

Makalata a mwezi uno achuluka ndi ofunsa za vinyo woyera, kaya n'chifukwa cha maukwati, kaya n'kutenthaku. Ndasankhapo 6. Kwa inu amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, ndinagwira ntchito zaka 9 mu labu ya pa famu ina ya mphesa pakati pa Stellenbosch ndi Paarl ku South Africa. Ntchito yanga inali kutunga madzi a mphesa ndi vinyo m'mathanki, kuyeza, n'kulemba manambala pa bolodi kuti wopanga vinyo adziwe chochita. Zolawalawa ndi zotamanda ndimasiyira ena. Ine ndiyankha ndi zimene ndinkayeza.

FUNSO: Achemwali, ndine weyitala pa lesitilanti ina ku Sea Point. Abwana anatipatsa kapepala koti tiloweze: Chenin Blanc uyu ali ndi gwafa, Sauvignon Blanc uyo ali ndi magalagadeya ndi giriini pepa. Tsiku lina kasitomala anandifunsa ngati zipatsozo amathiramodi, ine n'kuvomera. Mnzanga anandiseka mpaka powerukira. Zoona zake n'ziti? Mnyamata wa ku Mangochi, ali ku Cape Town.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo kuseka anali ndi chifukwa, koma manyazi musachite. Sabata yanga yoyamba pa famu paja, ndinalowa m'nyumba ya mathanki Chenin akuwira, fungo lake ngati pa msika wa Lizulu nyengo ya magwafa. Ndinazungulira kuseri kukafunafuna makireti a magwafawo. Ndinapeza makoko a mphesa okhaokha.

Tiyeni titsegule botololo. Mwa magawo 100 alionse a vinyo woyera wosatsekemera, pafupifupi 85 ndi madzi, madzi amene mpesa unakoka m'nthaka. Magawo 12 mpaka 14 ndi mowa weniweni woledzeretsa uja, ethanol, umene yisiti amapanga akadya shuga wa m'mphesa. Zotsalazo ndi magawo awiri kapena kuchepera apo, ndipo kusiyana konse kwa vinyo wotchipa wa m'katoni ndi wa mtengo wogula mbuzi kwabisala mmenemo. Muli glycerol, magalamu 5 mpaka 10 pa lita, amene amapangitsa vinyo kumveka wofewa m'kamwa. Muli ma asidi, magalamu 5 mpaka 7. Muli shuga wotsalira pang'ono, mchere wa potassium, ndiyeno tinthu tonunkhira mazanamazana, tina tochepa kwambiri moti makina athu a pa famu sankatha kutiona, tinkachita kutumiza ku malabu akuluakulu a ku Stellenbosch.

Fungo la gwafa ndi magalagadeya limachokera ku gulu la tinthu totchedwa thiols. Kamodzi mwa ito, kamene amakafupikitsa kuti 3MH, kamapezekanso m'galagadeya leni leni. Choncho mphuno yanu sikukunamizani, ikumva chinthu chimodzimodzi chimene chachokera kwina. Chodabwitsa n'chakuti m'mphesa yosawira tinthuti timakhala tomangirizidwa ku zinthu zina ndipo sitinunkhira. Yisiti ndiye amatimasula pa nthawi yowira. Mukalawa madzi a Sauvignon Blanc ongofinya kumene mukhumudwa, amangokhala otsekemera ngati manyuchi, fungo la udzu pang'ono. Dikirani masiku 4 kapena 5 chithirireni yisiti, nyumba yonse guu.

Giriini pepa ndi nkhani ina. Fungo limeneli limachokera ku pyrazine, amene amakhala kale m'mphesa komanso m'tsabola wobiriwira uja. Mphuno ya munthu imamumva ngakhale atakhala mananogalamu 2 okha pa lita. Kuti mumvetse, tengani njere imodzi ya mpunga, muigawe panayi, kachidutswa kamodzi mukasungunule m'dziwe losambiramo la malita 2.5 miliyoni. Ndi muyezo wake umenewo. Dzuwa ndi kutentha zimamuphwanya pyrazine mphesa zikamapsa, n'chifukwa chake amamveka kwambiri mu Sauvignon Blanc wa malo ozizira monga Elgin, Elim, Darling ndi Durbanville, ndipo alimi amasewera naye pothothola kapena kusiya masamba ophimba mphesa.

Zina ndidutsepo msanga. Fungo la nthochi mu vinyo wachaka chomwecho ndi isoamyl acetate, wopangidwa ndi yisiti vinyo akawira mozizira, cha m'ma digiri 12 mpaka 15, ndipo limazilala pakatha chaka kapena ziwiri. Fungo la maluwa mu vinyo wa mphesa za Hanepoot ndi terpenes, ndipo limeneli mungalimve pongotafuna mphesayo. Fungo la batala mu Chardonnay ndi diacetyl, wopangidwa ndi mabakiteriya. La vanila limachokera ku matabwa a oak a migolo ya malita 225 ija imene alendo amakonda kujambulitsa nayo zithunzi.

Kuthiramo zonunkhiritsa n'koletsedwa, ndipo anthu anayesapo. Mu 2004 opanga vinyo awiri a pa kampani ina yaikulu ya ku Cape anachotsedwa ntchito zitadziwika kuti anawonjezera fungo mu Sauvignon Blanc. Anagwidwa ndi manambala. Oyang'anira malamulo a vinyo anali atayeza pyrazine m'madzi a mphesa nthawi yokolola, ndiye atayezanso vinyo wake anapeza wochuluka kuposa amene mphesazo zikanatha kupereka.

Kasitomala wina akadzafunsa, mudzangomuuza kuti m'botolomo munalowa mphesa, ndipo fungolo n'la mphesa ndi yisiti. Akadzalimbikira, mudzamuuze za njere ya mpunga ija, tipu idzakula.

FUNSO: Ndimaphikira maukwati kuno ku Blantyre. Ndinagula Chenin Blanc wa makampani awiri. Wina anali wowawasa ngati bwemba, wina wofewa ndi wolemera m'kamwa. Dzina limodzi, chaka chimodzi. Kodi winayo anali wachinyengo? Mayi wa ku Chilomoni.

YANKHO: Mayi, potchula bwemba mwalasa pomwepo osadziwa. Asidi wamkulu wa m'mphesa ndi tartaric, ndipo zipatso zokhala naye wambiri n'zochepa padziko. Bwemba ndi chimodzi mwa izo. Wachiwiri ndi malic, wowawasa mobaya ngati apulo wosapsa. Vinyo woyera amaimira pa awiriwa. Wofiira ali ndi tannin, kanthu koumitsa m'kamwa ka m'makoko ndi m'njere, womuchirikiza, koma woyera amafinyidwa n'kusiyanitsidwa ndi makoko asanawire, ndiye msana wake ndi asidi basi. Akachepa, vinyo amakhala ngati ndiwo zopanda mchere.

Ma asidi awiriwa sapirira kutentha mofanana. Tartaric amalimba. Malic, mphesa imamudya yokha ikamapsa, ndipo kukatentha, makamaka usiku, imamudya mofulumira. Apa ndi pamene malo amalowerera. Western Cape ndi dera limodzi pa mapu, koma nyengo zake n'zosiyanasiyana. Ku Elgin, mukakwera Sir Lowry's Pass, n'kwa maapulo, mitambo yochokera kunyanja imaphimba mapiri ndipo mphesa zimapsa mochedwa. Ku Constantia kumawomba mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene eni ake amaitcha Cape Doctor. Koma ku Swartland, cha ku Malmesbury ndi Paardeberg, kapena ku Paarl ndi Worcester, mwezi wa Febuluwale kumatentha kupitirira madigiri 35, masiku ena kufika 40. Mphesa za kumeneko zimabwera ndi shuga wambiri ndi malic wochepa. Shuga wambiri ndiye mowa wambiri, poti magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita amabala 1 peresenti ya mowa. Vinyo wanu wolemera uja ndikhulupirira anali wa 13.5 kapena 14 peresenti, wowawasayo wa 12 kapena 12.5. Kaoneni pa mabotolo ngati simunataye.

Nthawi yokolola, kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndinkadzuka 4 koloko m'bandakucha. Tinkatola mphesa mzere ndi mzere, kuzifinya m'thumba la pulasitiki, n'kuyeza zinthu zitatu: shuga pa sikelo ya Balling, kuchuluka kwa asidi, ndi pH, nambala imene imakwera mphamvu ya asidi ikamachepa. Mphesa zoyera zambiri zinkathyoledwa pakati pa 21 ndi 24 Balling, pH ili cha m'ma 3.2 mpaka 3.4. Kukabwera masiku atatu otentha motsatizana, manambala ankathawa tikuona, shuga kukwera, asidi kutsika, wopanga vinyo osagona. pH ikadutsa 3.6 mabakiteriya amasangalala ndipo mankhwala oteteza vinyo amafooka. Zikatero ankatumiza anyamata kukatenga matumba a tartaric woyera ngati shuga n'kuthira m'thanki. Lamulo la ku South Africa limalola zimenezo. Chimene limakana ndi kuthira shuga wa nzimbe kuti mowa ukwere, pamene kumpoto kwa France ndi ku Germany, kumene dzuwa limapereŵera, shuga ndiye amaloledwa zaka zovuta. Aliyense amabwereka chimene nyengo yam'mana.

Palinso dzanja la wopanga. Akafuna vinyo wofewa amalola mabakiteriya kusandutsa malic kukhala lactic, asidi wa m'chambiko, amene sabaya lilime. Akamusiya vinyo miyezi ingapo pa nsenga za yisiti wakufa, kaya mu mgolo, amanenepa m'kamwa. Wina amakaniza zonsezo, n'kuika m'botolo mwamsanga kuti akhale wothyakuka.

Chenin Blanc amaonetsa kusiyanaku kuposa mphesa zina chifukwa amalimidwa paliponse. Ndi mtundu wodzalidwa kwambiri ku South Africa, pafupifupi 18 peresenti ya minda yonse, ndipo dzikolo lili ndi Chenin wambiri kuposa France kumene anachokera. Kwa zaka zambiri alimi ankangomutcha Steen, mpaka mu 1963 pamene Pulofesa Chris Orffer wa pa yunivesite ya Stellenbosch anatsimikiza kuti Steen ndi Chenin Blanc yemwe uja wa ku Loire, ku France. Akuluakulu amene ndinkagwira nawo m'munda ankanenabe kuti Steen.

Ndiye chinyengo panalibe. Pogula muziona zilembo za W.O. pa botolo, zosonyeza dera limene mphesa zinachokera, zimene zinayamba mu 1973. Pakalembedwa W.O. Elgin kapena W.O. Swartland, mphesa zonse zinachokera kumeneko. Pakangolembedwa W.O. Western Cape, akhoza kukhala wosakaniza wa madera angapo. Kunena za chambo chokazinga cha pa ukwati, ine ndingasankhe wowawasayo.

Kanthu kena ndinene, ngakhale ogulitsa sakakonda. Mudzamva kuti vinyo wa pa nthaka ya granite amamveka mwala m'kamwa. Nthaka imasinthadi vinyo, kudzera m'madzi amene imasunga, kukula kwa mizu, ndi potassium amene amakweza pH akachuluka. Koma mwala suyenda kuchoka m'nthaka kukalowa m'tambula. Kukoma kumene amakutcha kwa mwalako, ine ndinkakupeza mu vinyo wa asidi wambiri ndi fungo lochepa la zipatso.

FUNSO: Ndinaika botolo m'firiji masiku 5. Potulutsa ndinaona timagalasi tosweka pansi pake. Ndinataya lonse ndipo ndikufuna ndikadandaule kusitolo. Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Pepani bambo, munataya vinyo wabwinobwino. Safunsa anadya phula, koma inu mwafunsa mutataya kale. Timibulu timeneto ndi tartaric uja atagwirana ndi potassium. Vinyo akazizira kwambiri sangathenso kutisunga tosungunuka, ndiye timagwa pansi kapena kumamatira ku chotsekera. Mukadzationanso mudzatenge kamodzi n'kukaphwanya ndi zala. Kamafumbutuka, ndipo pa lilime kamawawasa pang'ono. Galasi silitero.

Mafamu ambiri amaziziritsa vinyo mpaka madigiri 4 pansi pa ziro kwa masiku angapo asanamuike m'mabotolo, kuti timibuluti tigwere m'thanki momwemo, chifukwa cha madandaulo ngati anuwa. Zotsalira m'thankimo zimakhala chikhakha cholimba, ndipo anyamata otsuka ankadana nayo ntchito imeneyo. Chikhakha chomwecho chikayeretsedwa ndi cream of tartar wa ophika makeke. Pa Chiafrikaansi amati kremetart, ndipo ndinaseka tsiku limene ndinamva kuti mtengo wa mlambe amautchanso kremetart, chifukwa cha ufa wowawasa wa malambe. Opanga ena, makamaka a vinyo wodula, safuna kumuziziritsa choncho poopa kuchepetsa kukoma, ndiye timibuluti si chizindikiro cha vinyo wotchipa. Muzingothira pang'onopang'ono, totsalira tikhale m'botolo.

FUNSO: Ndikamwa vinyo woyera ndimadzuka ndi mutu. Pa botolo analemba kuti muli sulphites. Kodi si mankhwala amenewa akundipweteka? Mtsikana wa ku Randburg.

YANKHO: Achemwali, simunandiuze kuti mumamwa matambula angati, ndipo ndikukayikira kuti yankho lili pamenepo. Botolo la mamililita 750 la 13 peresenti lili ndi mamililita 97.5 a ethanol, amene ndi magalamu pafupifupi 77. Zimenezo n'zofanana ndi mabotolo 6 a mowa wa 5 peresenti a mamililita 330. Vinyo woyera wozizira amatsika ngati juwisi, munthu n'kumaliza theka la botolo akucheza, osadziwa kuti wamwa mabotolo atatu. Chiwindi chimasandutsa ethanol kukhala acetaldehyde, thupi limataya madzi, tulo timasokonekera. Matsire ndi amenewo.

Sulphites alimodi. Ndi sulphur dioxide, amene amathira kuti aphe tizilombo ndi kuteteza vinyo ku mpweya. Yisiti nayenso amapanga wake pang'ono, choncho vinyo wopandiratu n'ngosowa. Mawu aja amalembedwa akapitirira mamiligalamu 10 pa lita. Woyera amafuna wambiri kuposa wofiira poti alibe tannin womuteteza, ndipo malamulo a ku Ulaya, kumene vinyo wambiri wa ku Cape amagulitsidwa, amalola mamiligalamu 200 pa lita kwa woyera wosatsekemera ndi 150 kwa wofiira. Vinyo wambiri amene ndinkayeza sankafika n'komwe pamenepo. Ma apricot ouma achikasu aja ogulitsidwa m'mapaketi amakhala ndi wochuluka kangapo kuposa apa. Ngati mumadya amenewo mutu osawawa, wolakwa si sulphite.

Amene ayenera kusamala ndi odwala mphumu. Ena mwa iwo, ochepa, amabanika kapena kutsokomola akangomwa. Ngati zimenezo zimakuchitikirani, siyani ndipo kaonaneni ndi adokotala.

Ndipo ngati muli oyembekezera, ngakhale tambula imodzi ayi. Ndikunena izi chifukwa cha zimene ndinaona m'midzi ya m'mafamu. Kale antchito ankalipidwa gawo la malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop. Unaletsedwa kalekale koma unapitirira mobisa mpaka m'ma 1990, ndipo lero Western Cape ili m'gulu la madera okhala ndi ana ambiri padziko lonse obadwa atavulazidwa ndi mowa ali m'mimba. Ana amenewo ndinkakumana nawo m'mawa uliwonse akudikira basi ya sukulu.

FUNSO: Ndili ndi matenda a shuga. Mwana wanga akuti vinyo wolembedwa dry alibe shuga. N'zoona? Agogo a ku Zomba.

YANKHO: Agogo, mwana wanu wanena zoona theka. Mwa lamulo la ku South Africa, vinyo wa dry nthawi zambiri sapitirira magalamu 5 a shuga pa lita, ndiye tambula ya mamililita 150 siikwana n'komwe galamu imodzi. Semi-sweet amafika magalamu 30, natural sweet amayambira pa 20 kupita m'mwamba, ndipo Noble Late Harvest amapitirira 50, kawirikawiri kuposa 100. Lilime musalikhulupirire, chifukwa asidi amabisa shuga. Koma kwa inu choopsa chachikulu ndi mowawo. Umalepheretsa chiwindi kutumiza shuga m'magazi, ndiye kwa munthu wobaya insulin kapena womwa mapilitsi ena a shuga, shuga akhoza kutsika kwambiri usiku ali m'tulo. Kafunseni kuchipatala kumene mumalandira mankhwala musanalawe.

FUNSO: Ndimaoda katundu ku Joni n'kumagulitsa kuno. Ulendo wapitawu ndinabweretsa makatoni 10 a Sauvignon Blanc. Patha miyezi 3, ena asanduka achikasu chodera ndipo makasitomala akubweza. Anandigulitsa owola? Mayi wa geni wa ku Mzuzu.

YANKHO: Mayi, ndisanaloze chala amene anakugulitsani, ndifunse kaye za ulendo. Katundu wanuyo anadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, mwina n'kugona pa mzere wa pachipata masiku angapo, ali pansi pa tenti kapena m'telela ya basi. Ku Tete mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo m'telela yotseka mumatentha kuposa apo. Vinyo amafuna madigiri 12 mpaka 18.

Kutentha kumafulumizitsa zonse zochitika m'botolo. Sulphur dioxide woteteza uja amatha msanga. Akatha, mpweya wochepa umene ulimo umagwira tinthu totchedwa phenols n'kutisandutsa todera, monga mmene peyala lodula limadera mukalisiya pa mbale. Ethanol wina amasanduka acetaldehyde, wonunkha ngati apulo wobulika. Thiols aja, amene ndi chuma chonse cha Sauvignon Blanc, ndiwo oyamba kufa. Ngati mabotolo ali ndi chotsekera cha cork, onani ngati chatukuka kapena pakhosi pali zomatamata. Zikatero vinyo anafufuma ndi kutentha n'kukankha chotsekera.

Kuwala nakonso n'koipa, makamaka kwa mabotolo oonekera mkati. Riboflavin, vitamini wa mu vinyo, akawombedwa ndi dzuwa kapena magetsi owala kwambiri amayambitsa fungo la kabichi wowiritsa, ndipo sizitenga masiku ambiri. Ndimadandaula ndikaona mabotolo atandandalikidwa pa windo la shopu kuti odutsa aone.

Ulendo wina muode miyezi yozizira, Juni kapena Julayi, musankhe a chaka chaposachedwa ndi chotsekera chopotokola, ndipo makatoni akhale pakati pa katundu wina, osati pamwamba. Vinyo wa m'thumba la m'katoni musaode wambiri, thumbalo limalowetsa mpweya pang'onopang'ono ndipo sakhalitsa ngati wa m'botolo. Pofika, muwaike pansi pa simenti m'chipinda chamdima. Amene adera kalewo sangadwalitse munthu, koma musawagulitsenso pa mtengo wa abwino. Tsegulani limodzi mununkhize. Ngati silikununkha vinega, gulitsani motchipa kwa ophika m'malesitilanti, aphikire nkhuku.